Wosewera mmodzi, mayiko awiri: zimatheka bwanji?

Funso: Akonzi, Brahim Díaz adasewererapo Spain, koma lero wavala yunifolomu ya Morocco. Malamulo amalola zimenezi?

Yankho: Amalola ndithu, bambo. Díaz adabadwira ku Málaga, koma kuchimuna kwake mizu ili ku Morocco. Timu yaikulu ya Spain adaisewerera kamodzi kokha mu 2021, pamasewero opimana mphamvu, omwe sammanga wosewera. Kuyambira 2020, FIFA imalolanso kusintha amene adasewera masewero ampikisano asanakwanitse zaka 21, bola masewero ake onse a timu yaikulu asapitirire atatu, padutse zaka zitatu, komanso asakhale atasewera ndime yomaliza ya mpikisano waukulu ngati World Cup. N'chifukwa chake mayiko amathamangira anyamatawa akadali anthete. Morocco idafika mu semifainolo ya World Cup ya 2022 ndi osewera 14 obadwira kunja mwa 26.