Kutolera miyala yokongola m'dera la golide: poyambira pake

Ku Chegutu ndi ku Kadoma, munthu akawerama n'kutola mwala, aliyense amaganiza za golide. N'zosadabwitsa. Makolo a ambiri a ife anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku Cam and Motor ku Eiffel Flats, ku Dalny ku Chakari ndi m'migodi ina yozungulira kuno, ndipo mpaka lero mwala timaufunsa funso limodzi lokha: uli ndi golide kodi? Koma pali kutola kwina kosathamangira chuma, kosonkhanitsa miyala kuti munthu aidziwe mayina, adziwe kumene inachokera, aisunge bwino. Ndikulakalaka ana athu ambiri atayamba zimenezi, poti akukulira pamwamba pa nthaka imene sakuidziwa.

Musanatole kanthu, dziwani lamulo. Mines and Minerals Act imaika miyala yonse ya m'nthaka ya Zimbabwe m'manja mwa Pulezidenti, choncho kufufuza ndi kukumba kumafuna laisensi ya ku Unduna wa za Migodi. Precious Stones Trade Act imaletsa kukhala ndi dayamondi kapena emarodi wosadulidwa popanda chilolezo, ndipo golide ali ndi lamulo lakelake, Gold Trade Act. Milandu imeneyi ndi ya kundende, ndipo mawu oti "ndimangosunga chabe" sangakupulumutseni. Wina akakuonetsani kamwala kobiriwira n'kunena kuti ndi emarodi wa ku Sandawana, kapena koyera kuti ndi dayamondi wa ku Marange, musakagwire n'komwe. Mukafuna kutenga miyala popita kumudzi ku Malawi kudzera pa Nyamapanda, yambani mwafunsa ku MMCZ ku Harare, bungwe loyang'anira kutuluka kwa miyala m'dziko muno.

Zida zake n'zochepa: kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi, kamene ogulitsa miyala amati loupe, tochi, mpeni wakale, chidutswa cha galasi la pawindo, mswachi wotha ntchito, ndi kope lolembamo. Pa zonsezi, chofunika kwambiri ndi kope.

Kenako sankhani koyenda. Kuno kwathu mwala woyambira ndi quartz, nsangalabwi yoyera ija, imene m'mizere yake makorokoza, anthu okumba paokha, amafunafunamo golide. Nthawi yachilimwe madzi akaphwera, yendani m'mphepete mwa Mupfure pamene mtsinje unaunjika miyala, muzinyowetsa mwala uliwonse umene wakukopani, chifukwa mtundu wake weniweni umaoneka ukanyowa. Pemphani kaye kwa mwini famu kapena kwa amfumu, muzipita awiri, ndipo malo amene ali ndi zikhomo za mwini mgodi muziwalambalala. M'maenje a migodi yakale musalowemo, zivute zitani. Mu February 2019 madzi anadzaza migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields n'kupha anthu oposa 20, ndipo mu September 2023 mgodi wa Bay Horse m'boma lomwe lino la Chegutu unagumukira anthu. Amenewo anali anthu ozolowera pansi. Wotola miyala alibe chokachita kumeneko.

Musayembekeze aquamarine mu Mupfure. Miyala yamitundu yowala ili kumpoto kwa chigawo chathu cha Mashonaland West. Ku Karoi ndi ku Mwami n'kumene kumachokera aquamarine ndi tourmaline, ndipo mgodi wa St Anne's wa ku Mwami unatchuka ndi topaz wabuluu. Kufupi ndi Karoi kulinso Zimbaqua, mgodi wodziwika poti ogwira ntchito ake ndi amayi. Mzere wa zitunda wa Great Dyke, umene mumaudutsa cha ku Selous popita ku Harare, mukautsata chakumpoto umakufikitsani ku Mutorashanga, kwawo kwa mwala wobiriwira wotchedwa mtorolite. Kwa ine, woyamba kumene akhale ndi quartz, amethyst, agate ndi mtorolite. Ndi yosaboola m'thumba, ndipo imaphunzitsa diso.

Mwala mukafika nawo kunyumba, utsukeni ndi madzi a sopo ndi mswachi, uume, kenako muuyese kulimba. Njira yake ndi imene Friedrich Mohs anaikonza mu 1812, yoyambira pa 1 kufika pa 10: mwala wolimba umakanda wofewa. Chikhadabo chili cha pa 2.5, mpeni ndi galasi cha pa 5.5, quartz pa 7, aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, topaz pa 8, dayamondi pa 10. Ndiye mwala wooneka ngati quartz ukakandika ndi mpeni, si quartz ayi. Ukajambula mzere pagalasi, mwayandikira. Pukutani mzerewo ndi chala, chifukwa nthawi zina umakhala ufa wa mwala womwewo, galasi lisanakandike. Kandani pamalo obisika, ndipo mwala wodulidwa kale ndi kupukutidwa musauyese chonchi, muuwononga. Tiziduswa tachikasu tonyezimira m'kati mwa quartz nthawi zambiri ndi pyrite: iyo imaswekasweka mukaikhoma, pamene golide amangophwatalala.

Pogula mpamene ambiri amalirira. Galasi la botolo lobiriwira kapena labuluu likadulidwa mwaluso limanyenga. Walitsani tochi kumbuyo kwa mwala muyang'ane ndi kagalasi kaja. Timathovu tozungulira ta mpweya m'katimo ndi chizindikiro cha galasi. Mwala wachilengedwe kawirikawiri umakhala ndi timing'alu ndi tizitsotso, choncho mwala waukulu, woyera mbee, wotchipa modabwitsa, uzikukayikitsani. Miyala yodulidwa amaiyeza pa carat, ndipo carat imodzi ndi magalamu 0.2, kutanthauza kuti zisanu zimakwana galamu imodzi. Funsani ngati mtengo akutchulawo ndi wa carat kapena wa mwala wonse. Gulani masana, kwa munthu wa malo odziwika wopereka lisiti. Wokukokerani kuseri kwa basi akunong'ona, musiyeni apite.

Tsopano kope lija. Mwala uliwonse upatseni nambala, ndipo pa nambalayo lembani tsiku, malo enieni, amene anakupatsani kapena kukugulitsani, mtengo, mtundu ndi zimene munapeza poyesa. Lembani tsiku lomwelo, poti pakatha chaka simudzakumbuka kuti uwu ndi wa ku Mupfure kapena wa ku Munyati. Mwala wosadziwika kwawo wataya gawo lalikulu la phindu lake, ngakhale kwa katswiri, ndipo lisiti ndi kope ndiwo mboni zanu wina akadzafunsa kumene munautenga. Wachibale akabwera ndi agate wa ku Ngabu kapena aquamarine wodulidwa wa ku Mzimba kapena ku Lundazi, lembani zomwezo.

Posunga, mwala uliwonse ukhale pawokha, wokulungidwa m'thonje, m'kabokosi ka machesi kolembedwa nambala; mukaisakaniza, topaz adzakanda quartz. Amethyst musamuike pawindo, dzuwa limamufwifwitsa. Pyrite safuna chinyontho. Mukafuna kupala mwala, uzikhala wonyowa nthawi zonse, chifukwa fumbi la quartz ndi lomwe lija linawononga mapapo a agogo athu m'migodi.

Miyala imene yakukanikani dzina muiike padera. Mukapita ku Harare, katengeni upangiri ku Zimbabwe Geological Survey, ndipo mukapezeka ku Bulawayo, lowani mu Natural History Museum mukayerekeze yanu ndi imene ili m'magalasi, kope lili m'manja.