Kupeputsa Ntchito za Pakhomo m'Mwezi wa Ramadhani: Phunziro kwa Makolo



Mwezi wa Ramadhani unabwera kuti mimba ipume ndipo mtima upeze mpata wokumbukira Allah. Koma taonani zimene zimachitika m'makomo ambiri, kuyambira ku Makanjira, Mangochi, Salima mpaka ku Nkhotakota. Mwezi ukangooneka, ntchito ya mayi imawirikiza. Amadzuka usiku kuphika daku, kukacha ali ku mjigo, masana akuyanika usipa, madzulo ali pamoto ndi miphika inayi. Pofika nthawi ya Tarawehe, mayi uja ali gone pamphasa, thupi lonse likuphwanya. Bambo nawo akongola shuga ndi mafuta ku golosale, ngongole yokabweza Idi itapita kale. Kodi kumanga kwake n'kumeneku? Tsono tiyeni tione mfundo zisanu zotithandiza.

1. Chepetsani miphika

Sunna ndi yakuti dzuwa likangolowa tifutulu msanga ndi tende, ndipo ngati tende palibe, madzi akwanira. Kenako swalini Magharibi, ndipo mudye pambuyo pake mosathamanga. Mtumiki (s.a.w.) anatilangiza kuti m'mimba tisiyemo malo a madzi ndi a mpweya, chakudya chitenge gawo limodzi mwa magawo atatu. Nanga miphika inayi ikalowa kuti?

Futali wa mbatata kapena wa chinangwa wothira nsinjiro, nsima ndi usipa, ndi masamba a nkhwani kapena chigwada, n'chakudya chokwanira banja. Mandasi ndi zitumbuwa tsiku ndi tsiku zimangomaliza mafuta ndi kubweretsa chilungulira. Phikani ndiwo kamodzi madzulo ndipo mupatuleko za daku. Koma poti kuno n'kotentha, zivundikireni bwino ndipo muzitenthetse mpaka ziwire musanadye.

Daku musamalumphe, ndipo sunna ndi kumuchedwetsa kufikira pafupi ndi Subuhi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba kapena nandolo zimakhalitsa m'mimba. Nsomba ya mchere wambiri pa daku ndiyo imaitana ludzu la masana.

2. Samalani za madzi

Kuno kwathu timamanga maola opitirira 13 pa tsiku, ndipo thukuta la kunyanja mukulidziwa. Musadikire daku kuti mumwe chikho chachikulu nthawi imodzi. Imwani pang'onopang'ono kuyambira Magharibi mpaka pogona, ndiponso pa daku. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wofiirira, dziwani kuti thupi likusowa madzi.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala a klorini. Musaiwale kolera ya m'chaka cha 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo maboma a kunyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Pa futali ya pamodzi ku mzikiti, aliyense asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othirirana, osati m'beseni limodzi.

3. Gawanani ntchito

Apa ndikunena ndi inu abambo. Mayi Aisha (r.a.) anasimba kuti Mtumiki (s.a.w.) akakhala pakhomo ankathandiza a m'banja mwake ntchito, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankatuluka kukaswali. Inu simuposa iye. Akazi anu amanga monga mwamangira inu, ndipo ludzu lawo ndi lanu n'limodzi. Kuwaza nkhuni, kupita kuchigayo, kunyamula mwana pamene mayi akuphika, zonsezi sizichotsa ulemu wa bambo.

Ana nawonso apatseni zawo: wina atsuke mbale, wina asese, wina atunge madzi kukadali m'mawa. Ntchito zolemetsa monga kuchapa ndi kupalira zichitike dzuwa lisanakwere. Zimene zingadikire, monga kuzira nyumba, zidikire ndithu.

4. Musabe tulo ta thupi lanu

Kholo losagona limapsa mtima msanga, ndipo swaumu ya munthu wokalipira ana tsiku lonse imachepa malipiro. Mukachoka ku Tarawehe kagoneni; macheza a pakhonde ndi mafoni adzakupezani mwezi ukatha. Masana, pafupi ndi swala ya Dhuhuri, gonaniko pang'ono pamthunzi. Inu asodzi amene mumachezera panyanja, tengani daku wanu ndi madzi abwino m'bwato, ndipo mukakocheza m'mawa pumulani, musakhale padzuwa pa doko kufikira masana.

5. Landirani chilolezo chimene Allah wapereka

Mwezi wa Ramadhani umabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. M'chaka cha 2025 unayamba kumayambiriro kwa March, ndipo mu 2026 m'mwezi wa February. Imeneyi ndi nyengo ya mvula, ya udzudzu, ndiponso nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Choncho gonani m'masikito, inu ndi ana omwe.

M'Sura ya Al-Baqara, ndime 184 ndi 185, wodwala ndi wa paulendo aloledwa kumasula ndi kudzabweza masikuwo pambuyo. Mukamva kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akakupezani ndi malungo, mankhwala a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amafuna chakudya. Masulani, malizani mankhwala, mudzabweza mutachira. Odwala shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi onse omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku akaonane ndi achipatala mwezi usanayambe, ndipo asasinthe okha nthawi yomwera. Wa shuga akayamba kunjenjemera, thukuta lozizira ndi chizungulire, amasule pomwepo, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, akaopera moyo wake kapena wa mwana, aloledwa kumasula ndi kudzabweza. M'madhihabu a Imam Shafi'i, ngati wamasula poopera mwana yekha, aperekenso fidiya: chakudya chodzaza manja awiri, monga mpunga kapena chimanga, kwa wosauka pa tsiku lililonse. Nkhalamba yofooka ndi wodwala matenda osayembekezeka kuchira apereke fidiya yokha. Apongozi ndi anansi, musamunene mayi wotereyu. Mkaka ukachepa, wolira ndi mdzukulu wanu yemwe.

Mwana wosatha msinkhu swaumu sinamukakamize. Mphunzitseni pang'onopang'ono, mwina mpaka Dhuhuri, ndipo tsiku la sukulu muonetsetse kuti wadya.

Tsono mwezi usanaoneke, khalani pansi bambo ndi mayi. Werengani ufa ndi ndalama zimene muli nazo, mupatuliretu Zakatul Fitri, mugwirizane za ndiwo za sabata ndi ntchito ya munthu aliyense. Nthawi imene mwapulumutsa pamoto muipereke ku Qur'an ndi kumvetsera ana zimene aphunzira ku madrasa.

Allah alandire swaumu yathu, achize odwala athu, ndipo atifikitse pa Idi tili amoyo ndi opanda ngongole. Amin.