Njinga ya ulendo wautali: mmene imagwirira ntchito ndi mmene tingaikonzekeretsere

Kuchokera ku Nthalire kukafika ku Chitipa boma pali mtunda wa makilomita opitirira 100. Msewu wake umadzera ku Wenya ndi ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, ndipo mbali yaikulu ndi yafumbi. Nthawi ya dzinja galimoto zimasowa, ndipo matola akapezeka mtengo wake umakhala wokwera. N'chifukwa chake njinga yakapalasa idakali yofunika kwambiri kuno, kaya ndi pa ulendo wa ku boma, wa kumaliro akutali kapena wokagulitsa mbewu.

Njinga yopitira kuchigayo ndi njinga yoyendera tsiku lonse ikhoza kukhala imodzi yomweyo, koma makonzedwe ake sangafanane. Tiyeni tione chifukwa chake ndi masamu. Tayala la njinga wamba, la mainchesi 28, likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.2. Pa makilomita 100 limazungulira pafupifupi ka 45,000. Miyendo yanu nayo imapalasa pafupifupi ka 20,000. Chishalo chikatsika pang'ono, kapena tcheni chikauma, pa ulendo wa kuchigayo simumva kanthu. Pa ulendo wa ku boma cholakwikacho chimabwerezedwa ka 20,000, moti mukamafika pa Wenya bondo limakhala litayamba kale kuwawa.

Njira imene mphamvu imadzera

Phazi likaponda pedulo limazunguza gudumu lalikulu la mano limene lili pakati pa njinga. Manowo amakoka tcheni. Tcheni chimakoka fuliwilo, kagudumu ka mano ka kumbuyo kaja, ndipo fuliwilo imazunguza tayala. M'kati mwa fuliwilo muli tizitsulo ting'onoting'ono tokola. Mukamapalasa timakola ndipo tayala limayenda. Mukasiya kupalasa timangolumphira pamwamba pa mano a m'katimo, ndipo ndi tomwe timalira kuti tiki tiki tiki pamtsetse.

Njinga za kale kwambiri zinalibe tcheni. Mapedulo ankakhala pa tayala la kutsogolo, limene ankalipanga lalitali zedi, moti munthu akagwa ankavulala koopsa. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry, ku England, anatulutsa njinga yotchedwa Rover, yokhala ndi tcheni chokoka tayala la kumbuyo. Mu 1888 John Boyd Dunlop, ali ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya. Njinga za Humber ndi Raleigh zimene agogo athu ankabwera nazo kuchokera ku migodi zinatengera pomwepo, ndipo njinga za lero sizinasinthe kwenikweni.

Tsopano werengani mano a pa njinga yanu. Njinga zambiri zopanda magiya zili ndi mano 44 kapena 46 kutsogolo, ndi 18 kapena 20 kumbuyo. Tiyerekeze kuti yanu ili ndi 44 ndi 18. Mukapalasa kamodzi, tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, ndiye kuti mwayenda mamita oposa pang'ono 5. Pamsewu wa tala wopanda mitunda zimenezi n'zokoma. Koma pamtunda, muli ndi thumba kumbuyo, kupalasa kulikonse kumafuna mphamvu zochuluka, ndipo posakhalitsa mumatsika n'kuyamba kukankha.

Mukaika fuliwilo ya mano 22, kupalasa kamodzi kumazunguza tayala kawiri basi, mamita 4.4. Mumapalasa kambirimbiri, koma mopepuka. Zili ngati kututa chimanga ndi dengu laling'ono: maulendo amachuluka, koma msana umafika madzulo uli bwino. Anyamata ambiri amakonda fuliwilo yaing'ono chifukwa cha liwiro. Kwa munthu wa ku Nthalire, kumene msewu sutha kukwera ndi kutsika, ine ndimati yaikuluyo ndiyo yoyenera. Amakanika akamaiika angafunike kulumikiza tcheni kuti chitalike pang'ono. Kawerengeni mano a kutsogolo ndi a kumbuyo pa njinga yanu, mugawe nambala yaikulu ndi yaing'ono, muyerekeze ndi zitsanzo zimenezi.

Tcheni chisamangike kwambiri, komanso chisalendewere. Mukachikankha ndi chala pakatikati, chiziyenda mtunda wonga kunenepa kwa chala chomwecho. Chipukuteni ndi kansanza, dontheserani oyilo pang'ono polumikizira paliponse, kenaka pukutaninso kunja kwake. Oyilo wotsalira kunja amagwira fumbi, ndipo fumbilo limadya tcheni pamodzi ndi mano. Mafuta ophikira musaike, chifukwa amamata. Yang'ananinso kotapini. Ngati pedulo ikugwedera n'kumati gwa pa kupalasa kulikonse, kotapini yatha, ndipo ndi bwino kuisintha muli pakhomo. Pomasula pedulo ya kumanzere kumbukirani kuti mazinga ake ndi otembenuza: imamasukira mbali imene mabawuti ena amamangira.

Chishalo

Palibe chinthu chimene chimapha miyendo msanga kuposa chishalo chotsika. Anthu ambiri amachitsitsa kuti azitha kuponda pansi ali chikhalire. Akamapalasa maondo amakhala opindika nthawi zonse, ndipo mwendo wopindika ulibe mphamvu.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tsamirani khoma muli pa njinga. Ikani chidendene pa pedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwinobwino popanda chiuno kupendekera mbali imodzi. Mukatero, pa nthawi yopalasa pondani ndi kutsogolo kwa phazi, pamene zala zayambira, ndipo mupeza kuti bondo latsala lopindika pang'ono chabe. Kupweteka kwa kutsogolo kwa bondo nthawi zambiri kumasonyeza kuti chishalo n'chotsika. Chiuno chikamavina uku ndi uku, ndiye kuti chakwera kwambiri. Chishalo chikhale chosapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo chitsulo chake chitsale cholowa mokwanira mu felemu, kuopa kuti chingathyoke. Ngati njinga mumabwerekana ndi mayi a kunyumba kapena ana, ikani kachizindikiro pa chitsulocho kuti aliyense azidziwa msinkhu wake.

Buluku la msoko wokhuthala pakati musavale pa ulendowu. Msokowo umakhula khungu mpaka kutuluka zilonda.

Matayala ndi masipoko

Tayala lophwa pang'ono limalemetsa njinga, ndipo likagunda mwala chubu chimapanika pakati pa mwalawo ndi limu n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana. Tayala lopopa mopitirira muyeso nalo silabwino pamsewu wa miyala, chifukwa limadumphadumpha, manja amachita dzanzi, ndipo pamchenga limaterera. Popani mpaka chala chachikulu chizikanika kulilowetsa, koma osati kuuma ngati mtengo. La kumbuyo likhale lolimbirapo chifukwa ndilo limasenza. Mukatha kupopa, pakani malovu pakamwa pa valavu. Kakatuluka kathovu, ndiye kuti kamphira ka m'valavu katha. Kamphira kameneka n'kotsika mtengo, ndipo tiwiri tapadera tisamasowe m'thumba mwanu.

Kumata chubu aliyense amati amadziwa, koma zigamba zambiri zimamatuka chifukwa cha changu. Mukapeza bowo, kaya poviika chubu m'madzi kapena pochiyandikitsa patsaya kuti mumve kamphepo, palani malowo ndi sandipepala mpaka achite mbuu. Pakani guluu pang'ono, malo okulirapo kuposa chigamba. Ndiye dikirani. Guluu asiye kunyezimira ndipo asamatire chala. Pamenepo ikani chigamba, muchisindikize ndi chogwirira cha sipanala kuchokera pakati kupita m'mbali. Musanabwezere chubu, yendetsani zala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala lonse. Nthawi zambiri munga umene wabaya umakhala udakali momwemo, kudikirira kubayanso.

Masipoko amagwira ntchito pokoka limu kuchokera mbali zonse. Imodzi ikaduka, zoyandikana nayo zimasenza katundu wake, limu imayamba kuyenda mokhota n'kumakhula buleki, ndipo posachedwa inanso imaduka. Madzulo a tsiku loti mawa mukunyamuka, gogodani sipoko iliyonse ndi sipanala. Zomangika bwino zimalira mofanana. Imene yalira mogonthera ndi yomasuka, imangeni pang'ono ndi kiyi wa masipoko. Zungutsaninso tayala lililonse mutalinyamula. Likamalira ngati muli mchenga, kapena likamagwedera m'mbali, timipira tachitsulo ta mu habu tikufuna girizi kapena kusinthidwa.

Katundu ndi mtundu wa njinga

Katundu wolemera akhale pansi, wogawidwa mofanana mbali ziwiri, ndipo ayandikire chishalo. Akalendewera kumbuyo kwa kaliyala, tayala la kutsogolo limapepuka, mahandulo amavuta kuwongola, ndipo pamtunda njinga ikhoza kudzuka. Mangani ndi malegeni olimba, mugwedeze njinga kuti muone ngati katunduyo sakusuntha, ndipo nsonga za malegeni zisayandikire masipoko.

Njinga ya Buffalo, imene imapangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, ili ndi kaliyala yosenza makilogalamu 100. Ndi njinga yolimba, koma payokha ndi yolemera makilogalamu oposa 20. Kaliyala ikhoza kupirira matumba awiri a chimanga, koma miyendo yanu singawakweze mitunda tsiku lonse. Pa ulendo wautali chepetsani katundu.

Njinga zamagiya, zimene zambiri zimabwera ngati kaunjika, zili ndi ubwino waukulu pa mitunda, chifukwa mumasankha nokha mano a kumbuyo malinga ndi msewu. Vuto lake ndi kachitsulo kosinthira magiya kamene kamalendewera pafupi ndi masipoko. Matope amakatseka, kamtengo kamakapinda, ndipo chosinthira chake sichipezeka paliponse. Musanagule njinga iliyonse, funsani amakanika a pamsika wa kwanu ngati matayala, machubu ndi masipoko a msinkhu wake amapezeka.

Mu 2003 panayambika ulendo wa njinga wotchedwa Tour d'Afrique, umene unkachokera ku Cairo mpaka ku Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 12,000 m'miyezi inayi. Okwera ake akhala akulowa m'Malawi pa Songwe, n'kudutsa ku Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe, kukatulukira ku Mchinji. Tsiku limodzi amapalasa makilomita oposa 100. Njinga zawo ndi zodula, koma zimene amasamala ndi zomwezi: msinkhu wa chishalo, giya yopepuka, tayala labwino ndi madzi. Kusiyana kwake n'koti iwo katundu wawo amayenda pa galimoto ndipo makanika amakhala pafupi. Inu muli nokha, choncho tengani pampu, chubu chapadera, zigamba, guluu, masipanala, pulayala, masipoko angapo ndi kachidutswa kolumikizira tcheni.

Thupi, nthawi ndi mtsetse

Tiyerekeze kuti pamsewu wafumbi mukuyenda makilomita 12 pa ola. Makilomita 100 akutengerani maola oposa 8, osawerengera kupuma ndi kukankha pa mitunda. Dzuwa kwathu kuno limalowa cha m'ma 6 koloko. Choncho nyamukani m'mbandakucha, ndipo ngati katundu ndi wambiri konzani zogona panjira kwa achibale. Maola oyamba palasani modekha, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu popanda wefuwefu.

Madzi imwani pang'onopang'ono ludzu lisanafike. Kamba wa paulendo akhale wopatsa mphamvu msanga, monga nthochi, mbatata yophika, chinangwa, mtedza ndi thobwa, ndipo muzidya pang'ono pafupipafupi. Munthu akadikira njala, miyendo imazizira mwadzidzidzi ndipo maso amachita mdima. Mwezi wa Okutobala, thukuta likamasiya mchere woyera pa malaya, paketi ya Thanzi ORS yosungunula mu lita imodzi ya madzi abwino imathandiza. Amene akulowera chakummwera, ku mapiri a Nyika kupita ku Rumphi, adziwe kuti kumtundako ndi kokwera mamita oposa 2,000. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, ndipo juzi ndi yofunika ngakhale mutanyamuka dzuwa likuwala.

Yendani kumanzere kwa msewu, ndipo mdima ukakupezani mukhale ndi tochi kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo.

Ngozi zoopsa kwambiri zimachitika pamtsetse, munthu atatopa ndipo akusangalala kuti wapuma kupalasa. Onani mphira za mabuleki musananyamuke. Zikhale zokhuthala, ndipo zizigwira limu yokha osakhudza tayala. Buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa kwambiri, koma mukaigwira mwadzidzidzi pa timiyala tayala limaterereka. Yambani ndi ya kumbuyo, kenaka onjezerani ya kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo chepetsani liwiro musanalowe pokhota. Limu yachitsulo ikanyowa, mabuleki amachedwa kugwira. Mukaoloka mtsinje kapena mvula ikamagwa, finyani mabuleki pang'ono mukuyenda kuti madzi achoke. Pamtsetse wautali musawagwire osalekeza, chifukwa limu imatentha ndipo mphira zimatha msanga. Njinga yogwira buleki popalasa chobwerera nayo habu yake imatentha, choncho imani kaye kuti izizire. Katundu akakhala wolemera ndipo msewu uli ndi ngalande zokumbika ndi madzi, tsikani, gwirani mabuleki, muyende nayo pansi mpaka pamene msewu wawongokera.