Masikono a pakhomo: ndalama zikuthawira pati?

Sabata ino makalata ambiri amene omvera atilembera ku pulogalamu yathu ya zakukhitchini akunena za masikono, ndipo ngakhale achokera kumadera osiyanasiyana, dandaulo lake ndi limodzi: ufa wa tirigu wakwera, shuga wakwera, majarini akwera, koma ana akufunabe chomwera tiyi asanapite kusukulu. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo mayankho anga onse atsamira pa mfundo imodzi. Masikono otsika mtengo sabwera pochotsa zinthu mwachisawawa ayi. Amabwera munthu akadziwa ntchito ya chilichonse chimene akuthira m'beseni, chifukwa akatero amadziwa chimene angachepetse, chimene angasinthe ndi china, ndi chimene sayenera kuchikhudza n'komwe.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Bangwe. Iwo akuti akazi awo amalimbikira kuphika masikono pakhomo, koma iwowo akaonkhetsa mtengo wa ufa, majarini ndi makala, akuona ngati kugula pagolosale kukanakhala bwino. Bambo, funso lanu ndi lanzeru, ndipo nthawi zina masamu anuwo amakhala oona. Ophika buledi amagula ufa m'matumba a makilogalamu 50 pamtengo wapikulitsa, ndipo moto umodzi amaphikira masikono mazanamazana. Inu mukagula ufa wa theka la kilogalamu pamsika, n'kukoleza mbaula yatsopano kuti muphike masikono asanu ndi limodzi okha, simungapikisane nawo. Koma taonani kumene ndalama zambiri zikupita. Tirigu wolimidwa m'dziko muno ndi wochepa kwambiri, kumadera ozizira monga Tsangano ku Ntcheu ndi ku Neno. Wambiri amachokera kunja, kudzera m'madoko a Nacala ndi Beira, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022 ufa unakwera, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, unakweranso. Chinthu chachiwiri chodya ndalama ndi moto. Choncho kuphika pakhomo kumapindula pokhapokha mukachepetsa tirigu ndi kusamala moto, zinthu ziwiri zimene wogula pagolosale sangazilamulire. Mayankho otsatirawa akuonetsani mmene zimenezi zimachitikira.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Mchinji. Akuti masikono awo amatuluka olimba ngati mwala wa mumtsinje, ana amangowanyika mu tiyi, ndipo akufunsa ngati vuto ndi kusowa kwa mazira. Mayi, dzira silili ndi mlandu. Masikono abwino amatheka popanda dzira. Tiyambe ndi muyezo. Tengani ufa wa tirigu makapu anayi, amene ndi pafupifupi magalamu 500, tisupuni tinayi ta baking powder, theka la kasupuni ka mchere, masupuni aakulu asanu a shuga, majarini magalamu 100 mpaka 125, ndi mkaka kapu imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kapu imene mwayezera ufa ikhale yomweyo yoyezera mkaka. Pamenepa mupeza masikono 12 kapena kupitirira. Sefani ufa pamodzi ndi baking powder ndi mchere, kenako fikisani majarini mu ufawo ndi nsonga za zala mpaka uoneke timibulu ting'onoting'ono, popanda chibumi cha mafuta chotsala. Thirani shuga, pangani dzenje pakati, thirani mkaka, ndipo sakanizani ndi mpeni kapena foloko mpaka ufa ungogwirana. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, chifukwa manja anazolowera kukanda mandasi ndi buledi. Mu ufa wa tirigu muli chinthu chotchedwa gluten, chimene chimatamuka ufa ukanyowa n'kukandidwa. Buledi amafuna gluten wambiri kuti agwire mpweya wa yisiti, koma sikono ikakandidwa imalimba. Ntchito ya majarini ndi kukuta ufa kuti gluten asagwirane kwambiri, ndipo m'pake kuti akhale ozizira, osasungunuka. Pindani mtandawo kawiri kapena katatu basi, uphwathalitseni ndi dzanja ukhale wochindikala masentimita 2 mpaka 3, n'kudula ndi tambula kapena kachitini kotsukidwa bwino. Dinani molunjika osapotoza, popeza kupotoza kumamata m'mbali ndipo sikono imalephera kufufuma mowongoka.

Mfundo ya gluten imeneyi ndiyo ikutsegulirani njira yopulumutsira ndalama, ndipo bambo a ku Bangwe mumvetsere. Popeza sikono siifuna gluten wambiri, imalola kuti gawo lina la tirigu lilowedwe m'malo ndi mbewu zathu. Mbatata ndiyo imachita bwino koposa, makamaka yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, imene ili ndi michere yosanduka vitamini A m'thupi. Iphikeni, isendeni, inyenyeni mpaka isalale, ndipo izizire. Pa makapu anayi aja chotsanipo imodzi, m'malo mwake muikemo kapu imodzi ya mbatata. Popeza mbatata ili ndi madzi ake, mkaka thirani theka kaye, muziwonjezera pang'onopang'ono. Popeza ndi yotsekemera kale, shuga achepe kufika masupuni atatu. Mwachepetsa zinthu zitatu zogula ndi chinthu chimodzi cha kumunda. Ufa wa chinangwa woyera, wosanyikidwa mpaka kuwawasa, nawonso umagwira ntchito, koma usapitirire kapu imodzi pa makapu anayi, chifukwa mulibe gluten ndipo ukachuluka sikono imangoyoyoka. Ena anena kuti imeneyo si sikono yeniyeni, ndi chigumu chovala bwino. Ndikumva, ndipo n'zoona kuti mtundu umasintha, sikono imalemererako pang'ono. Koma chimene chimapanga sikono ndi kaphikidwe kake: mafuta ofikisidwa mu ufa, chotupitsa chofulumira, manja opepuka ndi moto waukali. Zonsezi zilipobe, ndipo mbatata imasunga chinyezi, moti sikono yake siiuma msanga mawa lake.

Kalata yachitatu yachokera kwa achimwene athu a ku Mzuzu amene amakhala okha. Akufunsa ngati angachepetse baking powder popeza ndi wodula, kapena agwiritse ntchito soda, kapenanso yisiti. Achimwene, pa zonse zimene zili m'besenimo, chotupitsa ndicho chokhacho chimene simuyenera kuchepetsa. Chimadya ndalama zochepa pa sikono iliyonse, koma chikaperewera mwaononga ufa wonse. Baking powder ndi soda wosakanizidwa kale ndi asidi wouma. Akanyowa ndi kutentha amatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene umafufumitsa mtanda. Akakhalitsa kapena akalowa chinyezi amatha mphamvu, choncho muyeseni: thirani kasupuni kamodzi m'madzi otentha, akapanda kuchita thovu, ntchito yake yatha. Soda yemwe timathira mu therere uja angagwire ntchito, koma payekha alibe asidi, ndiye amafuna mnzake wowawasa. Mnzakeyo ndi chambiko. Pa ufa wa magalamu 500, thirani kasupuni kamodzi ka soda kosasefukira, ndi chambiko kapu imodzi ndi pang'ono m'malo mwa mkaka. Mukasowa chambiko, finyirani supuni yaikulu ya madzi a mandimu m'kapu ya mkaka, mudikire mphindi 10. Soda akachuluka sikono imachita chikasu mkati ndipo imamveka sopo mkamwa, choncho yezani bwino. Ndichenjeze pano kuti ndikunena soda wophikira, osati soda wopangira sopo, amene amaotcha ndipo ndi poizoni. Za yisiti, masikono ambiri a m'magolosale mwathu amapangidwa ndi yisiti, ndipo ndi abwino ndithu, koma njira yake ndi ina: amafuna kukandidwa kwambiri ndi kudikira ola kapena kuposerapo kuti afufume, komanso amadalira gluten, ndiye salola mbatata kapena chinangwa chambiri popanda kulemera. Majarini akasowa, masupuni aakulu asanu kapena asanu ndi limodzi a mafuta ophikira akwanira, ngakhale sikono yake imakhala yothinana mkati.

Kalata yachinayi ndi ya mayi a ku Mulanje, amene akuti alibe uvuni ndipo magetsi kwawo kulibe, ndiye akuona kuti nkhani ya masikono si yawo. Mayi, ndi yanu ndithu. Ku Scotland, kumene masikono anatchukira kale, ankawaphika pachiwaya cha chitsulo pamwamba pa moto. Chimene sikono imafuna ndi kutentha kwamphamvu kuyambira mphindi yoyamba, kuti mpweya uja uifufumitse isanaume kunja. Mu uvuni ndi madigiri 200 mpaka 220 kwa mphindi 12 mpaka 15. Pambaula, chitani mmene mumaphikira chikondamoyo. Tengani sefuliya yaikulu yochindikala, yalani mchenga woyera wouma pansi kapena ikani timiyala titatu, vundikirani, itenthe kwa mphindi 10 musanaikemo kanthu. Kenako khazikani mbale yachitsulo ya masikono pamchengapo, vundikirani, ndipo ikani makala ambiri pachivundikiro, ochepa pansi. Moto wapansi ukachuluka masikono amapserera kumunsi mkati muli mwauwisi. Musavundukule pafupipafupi. Pakatha mphindi 15 suzumirani kamodzi, pamwamba pakhale pofiirira, ndipo mukagogoda kumunsi pamveke popepuka. Wina atsutsa kuti makala okhawo adya phindu lonse. Angadye ndithu, ngati mukoleza moto wa masikono okha. Koma makala amene atsala mukaphula nsima ndi ndiwo madzulo amangothera pachabe, pamene akanatha kuphika masikono a mawa. Akazizira akulungeni m'nsalu yoyera, m'mawa muwaze timadzi pang'ono n'kuwatenthetsa pachiwaya pamene madzi a tiyi akuwira. Amakhala bwino masiku awiri. Chinthu chimodzi chokha musaiwale: mbaula ya makala isayake m'nyumba yotseka, chifukwa imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali mtulo.

Kalata yomaliza yachokera kwa agogo a ku Kasungu amene amalera zidzukulu. Akuda nkhawa kuti tikulimbikitsa zotsekemera pamene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zachuluka, ndipo akufunsa chimene chalakwika ndi phala. Agogo, phala silinalakwe. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi lotsika mtengo kuposa sikono iliyonse, ndipo limagwira m'mimba nthawi yaitali. Sindinganene kuti masikono alowe m'malo mwake masiku onse. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti shuga wothira asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku, amene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena tisupuni 12. Masupuni aakulu asanu a muyezo uja ndi pafupifupi magalamu 60. Mukagawa pa masikono 12, iliyonse ili ndi magalamu 5, kasupuni kamodzi ndi pang'ono. Muyezo wa mbatata uja umatsitsa shuga wothira kufika magalamu 3. Pamene kapu ya tiyi imene ambiri amamwera sikonoyo imakhala ndi tisupuni titatu. Ndiye wofuna kuchepetsa shuga ayambire m'kapu. Apa ndi pamene kuphika pakhomo kumaposa kugula, chifukwa wophika yekha amadziwa zimene wathiramo, komanso sikono siimira m'mafuta monga mandasi. Komabe sikono payokha si chakudya chokwanira cha mwana wa sukulu. Ipakeni chiponde, pakhale nthochi kapena chipatso cha nyengo yake. Amene anapezeka kale ndi matenda a shuga atsate malangizo a kuchipatala, popeza ufa wa tirigu ndi mbatata nazonso zimakweza shuga m'magazi.

Tsopano bambo a ku Bangwe, yankho la funso lanu lili m'manja mwanu. Loweruka likubwerali phikani masikono 12 ndi kapu imodzi ya mbatata, chambiko ndi soda, pa makala otsala madzulo. Lembani papepala mtengo wa zimene zalowamo zokha, osati mtengo wa paketi yonse, mugawe ndi chiwerengero cha masikono amene atuluka, n'kuyerekeza ndi mtengo wa pagolosale ya kwanuko. Mitengo imasiyana pakati pa Mzuzu ndi Mulanje, ndiponso pakati pa nyengo ya mbatata ndi nyengo ya dzinja, choncho masamu a pakhomo panu ndiwo okhulupirika kuposa anga. Mukapeza zotsatira, mutilembere, ndipo tidzaziwerenga pa pulogalamu ino kuti omvera anzanu apindule nazo.