Kupirira pa Masewera Othamanga

Boma la Ntcheu lili ndi mapiri ndi zitunda zambiri. Kumadera okwera monga Tsangano ndi Lizulu kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. M'mamawa nkhungu imakuta minda ya mbatatesi ndi kabichi, ndipo mame amanyowetsa mapazi. Imeneyi ndiyo nyengo imene mwana wofuna kukhala katswiri wa liwiro amayesedwa mtima.

Kuyamba kuthamanga n'kosavuta. Tsiku loyamba ana ambiri amafika pabwalo la sukulu ali ndi chimwemwe. Koma pakapita masiku atatu miyendo imayamba kuwawa, ndipo kudzuka m'mawa kumavuta. Wina amati kunja kwazizira, wina amati ayambiranso mawa. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi nasiya.

Kuwawa kumeneku kumabwera chifukwa minofu imakhala isanazolowere ntchito yatsopanoyo, ndipo kumatha pakapita masiku owerengeka. Mwana akapitiriza kwa milungu ingapo, mtima wake umalimba n'kumapopa magazi mwamphamvu. Chitunda chimene poyamba ankachikwera ali wefuwefu amayamba kuchikwera mosavutika.

Njira yoyamba yogonjetsera mphwayi ndiyo kuthamanga pagulu. Ana a m'mudzi umodzi angathe kupangana malo ndi nthawi yokumana. Amene akudziwa kuti anzake akumudikira pamphambano sangapitirize kugona. Pagulu labwino wotsalira m'mbuyo sasekedwa, koma amalimbikitsidwa mpaka afike. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale akatswiri amadalira anzawo. Eliud Kipchoge wa ku Kenya anazolowera kukonzekera mipikisano pamodzi ndi anzake ku Kaptagat. M'chaka cha 2019, mumzinda wa Vienna, iye anathamanga mtunda wa makilomita 42 m'nthawi yosakwana maola awiri. Tsiku limenelo othamanga ena 41 ankasinthana kuthamanga naye kuti liwiro lake lisatsike.

Njira yachiwiri ndiyo kuyamba pang'ono. Mwana woyamba kumene azungulire bwalo kawiri kapena katatu, kenaka aziwonjezera mlungu uliwonse. Wofuna kumaliza zonse tsiku limodzi amadzipweteka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Njira yachitatu ndiyo kulemba. Mwana asunge tsamba limodzi m'kope lake, ndipo tsiku lililonse azilembapo mtunda umene wathamanga. Akaona mzere wa masiku ukutalika, safuna kuudula. Akajomba tsiku limodzi asataye mtima, koma abwererenso m'mawa mwake.

Komabe kupirira si kuumirira pamene thupi ladwala. Amene watentha thupi ndi malungo kapena wabinya mwendo ayenera kupuma ndi kuuza makolo kapena aphunzitsi. Othamanga azimwa madzi abwino, ndipo azipewa msewu waukulu wa M1 umene umadutsa galimoto zambiri. Akafika pamsewu wa galimoto aziyenda kudzanja lamanja kuti aziona galimoto zobwera kutsogolo kwawo.

Mwana asadziderere chifukwa chosowa nsapato. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa mtunda wautali pa masewera a Olympic mumzinda wa Rome m'chaka cha 1960 ali wosavala nsapato. Nayenso mtsikana asaganize kuti liwiro ndi la anyamata okha. M'chaka cha 2004 Catherine Chikwakwa wa kuno ku Malawi anakhala wachiwiri pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Grosseto, m'dziko la Italy, nalandira mendulo yasiliva.

Si mwana aliyense amene adzalandire mendulo. Koma aliyense wophunzira kudzuka ndi kukwaniritsa pangano lake, ngakhale kunja kutazizira, waphunzira khalidwe limene lidzamuthandiza m'kalasi, kumunda ndi pantchito.

Mafunso

1. Kodi ndi miyezi iti imene ku Tsangano kumazizira kwambiri?
2. N'chifukwa chiyani miyendo imawawa masiku oyamba?
3. Tchulani njira zitatu zogonjetsera mphwayi.
4. Kodi othamanga 41 aja anamuthandiza bwanji Eliud Kipchoge?
5. Ndi nthawi iti pamene wothamanga ayenera kupuma?
6. Kodi Catherine Chikwakwa anachita chiyani m'chaka cha 2004?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mawu awa: katswiri, mphwayi, wefuwefu, kujomba, kudziderera.
(b) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Pang'onopang'ono ndi mtolo."
(c) Lembani ziganizo zisanu zolimbikitsa mnzanu amene akufuna kusiya kuthamanga.