Mayi akatuluka ku Gomo, yang'anirani mkodzo ndi mwendo

Mayi akachotsedwa chiberekero kapena zotupa ku Sally Mugabe Central Hospital, komwe ambiri timangoti ku Gomo, kapena ku Parirenyatwa, amatulutsidwa patangopita masiku ochepa. Ntchito yotsala imagwera inu odwazika matenda ku Mufakose, Mbare kapena Mabvuku.

Musanachoke m'wodi, funsani anesi ngati mayiyo anataya magazi ambiri, ngati impso zinayezedwa, ndiponso ngati pali jakisoni woletsa magazi kuundana woti apitirize kunyumba.

Mukafika kunyumba, yambani ndi mkodzo. Achibale amathamangira kuona bala, koma ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi impso, chifukwa zimafooka munthu akataya magazi, akachepa madzi m'thupi kapena matenda akalowa m'magazi. Komanso njira yochokera ku impso kupita kuchikhodzodzo imadutsa pafupi kwambiri ndi chiberekero, ndipo nthawi zina imavulala pa opaleshoni. Masiku oyamba mayiyo azikodzera m'kachitini, inu muziyeza. Ngati mkodzo wa usana ndi usiku sukufika mamililita 400, kutanthauza kuti sukudzaza n'komwe botolo la theka la lita, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akatupa nkhope, akamasanza, akatentha thupi, akamamva ululu m'nthiti chakumsana, kapena mkodzo ukamangodontha kumaliseche.

Ngakhale mipopi itauma, madzi akumwa a wodwala asasowe. Apachitsime muziwiritsa. Musam'gulire ibuprofen kapena diclofenac pamsika, ndipo mankhwala azitsamba adikire kaye, chifukwa zonsezi zingathe kupweteka impso zofooka kale. Amwe okhawo amene dokotala walemba.

Kenaka mwendo. Kumuchitira chisoni n'kumusiya agone tsiku lonse kumaundanitsa magazi m'mitsempha. Aziyendayenda pang'onopang'ono pakhomo, ndipo akagona azigwedeza mapazi. M'mawa uliwonse yerekezani akatumba a miyendo yonse iwiri. Wina ukatupa, kutentha ndi kupweteka, chonde musausisite kapena kuuthowa, popeza magazi oundanawo angathothoke n'kukatseka m'mapapo. Mutengereni kuchipatala.

Akayamba kupuma mobanika mwadzidzidzi, kumva kubaya pachifuwa kapena kutsokomola magazi, musadikire kombi yam'mawa kapena tsiku limene anauzidwa kuti akaonedwenso. Pemphani galimoto kwa aneba nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Teroninso akamatuluka magazi osasiya pabala, m'nkhama kapena m'mphuno, chifukwa n'kutheka kuti magazi akukanika kuundana. Popita tengani khadi lakuchipatala ndi mankhwala onse amene wakhala akumwa, azitsamba omwe, kuti adokotala awaone.