Ndege ya ku Chileka: yambani kuwerenga mtunda muli pakhomo

Munthu ukamva kuti ndege imanyamuka ku Lilongwe n'kukatera ku Blantyre ola lisanakwane, mtima umadumpha. Koma kwa ife a ku Namitete, Mpingu kapena Nsaru, ulendowo umayamba m'bandakucha, uli pamsewu kudikira kabaza.

Yambani ndi mtunda wa m'mwamba. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 245, poyeza moongoka. Basi yodzera msewu wa M1, ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, imayenda makilomita oposa 300. Mutha kudziyezera nokha pa foni: tsegulani Google Maps, dinikizani chala pa bwalo la Kamuzu mpaka kachizindikiro kofiira kaoneke, sankhani Measure distance, kenaka kokani mapuwo mpaka ku Chileka. Mukapeza mtunda utalembedwa m'mamailosi a oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi, chulukitsani ndi 1.852 kuti mupeze makilomita.

Tsopano wonjezeranipo gawo lanu, lomwe pa tikiti sililembedwa. Kuchoka ku Namitete kufika m'tauni pa msewu wa Mchinji ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo kuchoka m'tauni kupita ku Lumbadzi ena 25. Ndiye kuti musanaione n'komwe ndegeyo mwayenda kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda umene idzauluke. Ndipo minibasi mukuidziwa: kondakitala amati “watsala mmodzi” mipando itatu ili mbee. A ku Kabudula ndi Nambuma, nthawi ya dzinja matope a m'misewu yafumbi muwawerengere ola lawolawo. Ine ndimati ngati ndege ndi ya m'mawa, kagoneni kwa wachibale ku Area 25 kapena ku Lumbadzi komweko.

Pa bwalo fikani kudakali maola awiri, chiphaso chaunzika chili m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama. Malawi Airlines, yomwe boma lathu lili nayo limodzi ndi Ethiopian Airlines, imagwiritsa ntchito ndege ya mapiko okhala ndi zopukusa mphepo, ya mtundu wa Dash 8, pa maulendo aafupi. Mukatera ku Chileka, tauni ikadali patsogolo makilomita oposa 15, ndipo matakisi a pa bwalo sachita nthabwala pamtengo.

Mukaphatikiza zonsezi, mupeza kuti ndege ikukupulumutsirani nthawi yochepa basi. Pa mayeso a ntchito kapena matenda a mwadzidzidzi, nthawiyo ndi yofunika. Ngati n'kokangocheza kwa achemwali ku Ndirande, kwerani basi.

Mukasankhabe ndege, funsani kulemera kwa katundu wololedwa pogula tikiti. Kathumba kanu ka ufa ndi mtedza kayezeni dzulo lake pa sikelo ya ogula soya pamsika, chifukwa kilogalamu iliyonse yopitirira mudzailipira pa kauntala.